Chisudzulo cha kwa ankhoswe sichifufuta dzina m'buku la boma

ULÓNGUÈ — Chimanga chikalowa m'nkhokwe, ndalama za fodya ndi mbatatesi zikayamba kuyenda m'manja, ankhoswe a ku Angónia ndi ku Tsangano amadziwa kuti nyengo yawo yafika. Milandu imene inakhala chete nthawi ya njala imatulukira poyera. Bambo wapita ndi matumba khumi ku msika wa Lizulu nabwerako patatha masiku atatu ali chimanjamanja. Wina kwamveka kuti akufolera malata nyumba ina kutsidya kwa malire. Maukwati ambiri amapulumuka ndithu, pakuti ankhoswe ntchito yawo amaidziwa. Koma ena sapulumuka, ndipo eni ake ndiwo amaoneka m'mawa pakhonde la khoti la distrito, atafumbata kajumbo ka mapepala opindapinda, akudikira munthu wodziwa malamulo woti awamvere.

Mmodzi wa iwo akhoza kukhala mayi wa ana anayi wochokera cha ku Dómuè. Wadzuka tambala woyamba, wakwera chapa, ndipo m'njira monse wakhala akuyala nkhani yake mumtima: zaka 17 za m'banja, ng'ombe ziwiri ndi ngolo zimene anagula ndi mwamuna wake, mkazi wina amene wapezeka ku Dedza, kumenyedwa kwa chaka chatha. Iye akuyembekeza kuti adivogadu, amene omvera mawailesi a ku Malawi amamutcha loya, ayamba ndi kufunsa zimene mwamunayo analakwa. Koma funso loyamba limakhala lina, ndipo ambiri limawadzidzimutsa: kodi ukwati wanuwo unalembedwa kuti?

Yankho la funso limeneli ndilo limasankha khomo limene munthu adzalowere, ndi zimene adzatuluke nazo.

Maukwati amene boma limawadziwa

Lamulo la Banja, Lei da Família, linakhazikitsidwa m'chaka cha 2004 ndipo linalowedwa m'malo ndi lina m'chaka cha 2019. Limavomereza njira zitatu zokwatirana: ukwati wa ku boma, ukwati wachipembedzo ndi ukwati wamwambo. Malamulo akale amene dziko linatengera kwa Apwitikizi sankaudziwa n'komwe ukwati wa kwa ankhoswe, lero umadziwika. Komatu pali mfundo imene ambiri inawapita pambali. Ukwati wa kutchalitchi kapena wamwambo umakhala ndi mphamvu zake zonse pamaso pa boma ukalembedwa m'mabuku a Registo Civil, ndipo uyenera kukhala wa mwamuna mmodzi ndi mkazi mmodzi. Pepala limene abusa kapena ansembe anapereka tsiku la chikwati likhoza kukhala lokongola, la zidindo ziwiri, koma silikutsimikiza palokha kuti ukwatiwo unafika m'buku la boma. Chifukwa chake ulendo woyamba wa munthu wokonzekera kuthetsa banja ndi wa ku Conservatória, ofesi yosunga mabukuwo, kukafunsa ngati ukwati wake ulimo ndi kutenga chikalata chake.

Ngati ulimo, ndiye kuti ankhoswe okha sangauthetse. Akhoza kukumana, mbali zonse zikhoza kulankhula, chisudzulo chikhoza kuperekedwa mudzi wonse ukuona, mkazi n'kunyamula miphika yake. Pamaso pa boma awiriwo akadali mwamuna ndi mkazi wake. Palibe mmodzi wa iwo angalembetse ukwati wina. Njinga yamoto kapena chigayo chimene mmodzi adzagule pambuyo pake chikhoza kudzawerengedwa ngati chuma cha banja lakalelo. Ndipo tsiku limene mwamunayo adzamwalire, mkazi amene anasiyana naye zaka khumi zapitazo ndiye adzapezeke m'buku, pamene amene anamudwazika mpaka tsiku lomaliza sadzapezekamo. Milandu yambiri yowawa ya chuma chamasiye inayambira pomwepa, pa chisudzulo chimene chinathera pabwalo osafika ku ofesi.

Ngati ukwatiwo sunalembedwe, ndipo m'midzi ya m'malire otere ndiwo ambiri, khoti lilibe ukwati woti liuthetse mwa njira ya chisudzulo cha boma. Koma munthu asafulumire kuganiza kuti watuluka wopanda kanthu. Lamulo limadziwa mwamuna ndi mkazi amene akhala pamodzi ngati banja, onse ali omasuka kukwatira, ndipo limatcha kukhala kotereku união de facto. Lamulo la 2004 linkafuna kuti akhale atapitirira chaka chimodzi. La 2019 linakweza nthawiyo kufika zaka zopitirira zitatu zosadukiza. Awiri otere akamasiyana, chuma chimene anapeza pamodzi chimagawidwa monga mmene chimagawidwira pa ukwati wolembetsa. Chovuta chake ndi umboni. Popeza palibe buku, afunika anthu onena kuti awiriwa anayamba liti kukhalira limodzi, ndipo apa ankhoswe amene aja, mfumu, sekeretariyu wa m'dera ndi akulu a mpingo amasanduka ofunika kuposa pepala lililonse.

Mkazi wachiwiri wa pamitala ndiye ali pamalo oterera, chifukwa lamulo limadziwa ukwati wa anthu awiri okha. Ana ake okha ndiwo sakhudzidwa: mwana wobadwa kwa mkazi wamkulu, kwa wamng'ono kapena kunja kwa ukwati ali ndi ufulu wofanana kwa bambo ake.

Ukwati womangidwa kutsidya

Kuno malire amadutsa pakati pa minda ndi pakati pa abale. M'zaka za nkhondo anthu pafupifupi miliyoni imodzi anathawira ku Malawi, ndipo ambiri a ku Angónia ndi Tsangano anakhala ku Dedza ndi ku Ntcheu mpaka mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992. Ambiri anakwatira komweko, ana anabadwira komweko, ndipo mpaka lero mnyamata wa ku Calómuè kukwatira mtsikana wa ku Dedza si nkhani yoti munthu n'kutembenuka nayo. Koma mabuku a maiko awiriwa salankhulana okha. Ukwati wolembedwa ku Malawi uyenera kulembedwanso m'mabuku a Moçambique kuti ugwire ntchito bwino kuno, ndipo chigamulo cha khoti la ku Malawi chothetsa ukwati chiyenera kuyamba chaunikidwa ndi kuvomerezedwa ndi khoti lalikulu la dziko lino. Ngakhale zaka zowerengera n'zosiyana: lamulo la maukwati la ku Malawi la 2015 limafuna zaka zisanu kuti anthu ongokhalira limodzi aonedwe ngati okwatirana, pamene kuno ndi zitatu. Amene anamva malangizo pa wailesi ya ku Lilongwe kapena ku Blantyre ayenera kukumbukira kuti anamva malamulo a dziko lina. Adivogadu auzidwe tsiku loyamba lomwelo ngati ukwati unamangidwa kutsidya, ngati ana anabadwira kutsidya, kapena ngati ng'ombe zina zikusungidwa kwa achibale kutsidya.

Makomo awiri

Kwa amene ukwati wawo uli m'buku, makomo ndi awiri. Loyamba ndi la mgwirizano. Mwamuna ndi mkazi akavomerezana kuti basi zatha, amakapempha limodzi ku Conservatória ya dera limene akukhala, osapita kukhoti, ndipo sakakamizidwa kunena chimene chawalekanitsa. Wa mu ofesi amayang'ana kuti akhala zaka zingati m'banja ndi kuti anapatukana liti, pakuti lamulo limaika nyengo zake. Kenaka amafuna kuona kuti agwirizana pa zinthu zinayi: ana adzakhala ndi yani ndipo adzasamalidwa bwanji, chuma chidzagawidwa motani, nyumba imene ankakhalamo idzakhala ya yani, ndiponso ngati mmodzi wa iwo adzafunika kuthandizidwa ndi mnzake pa chakudya ndi zofunika zina. Khomo limeneli ndi lachangu, lotsika mtengo, ndipo silitulutsa zamseri za m'nyumba pagulu.

Lili ndi msampha wake. Munthu wotopa ndi banja amasaina chilichonse kuti angomasuka. Mapepala ali m'Chipwitikizi, amene wawakonza ndi mnzake wa mwamuna, ndipo mayi amadinda chala osadziwa kuti wavomera kuti ng'ombe zija zinali za apongozi ake. Ntchito yaikulu ya adivogadu pa khomo limeneli si kukangana ndi munthu ayi, koma kuwerenga mgwirizanowo mzere ndi mzere, kuumasulira m'chinenero chimene mwini wake akumva, chala chisanakhudze inki.

Khomo lachiwiri ndi la kukhoti, pamene mmodzi akufuna ndipo wina akukana, kapena pamene alephera kumvana pa chuma ndi ana. Apa wopempha ayenera kunena chifukwa chimene lamulo limachidziwa: nkhanza za m'banja, chigololo, kusiyidwa pakhomo kopitirira chaka, kapena kuphwanya kwina kwakukulu kwa udindo wa m'banja. Kunena kokha sikukwanira, pafunika umboni. Mawu akuti mudzi wonse ukudziwa sathandiza woweruza amene sakhala m'mudzimo.

Nanga mabwalo a m'madera, tribunais comunitários, amene anakhazikitsidwa ndi lamulo la 1992? Ali pafupi, amalankhula chinenero cha anthu, ndipo amamva milandu ya mabanja omangidwa mwamwambo, makamaka poyesa kuyanjanitsa. Ambiri amathandizika kumeneko. Koma ukwati wa m'buku la boma sangauthetse, ndipo amene sanakhutire ndi chigamulo chawo ali ndi ufulu wopita kukhoti la distrito.

Adivogadu weniweni ndi wa pakhonde

Maadivogadu olipidwa ambiri ali mumzinda wa Tete, mtunda wopitirira makilomita 200 kuchokera ku Ulónguè, ndipo mlimi wamba sangakwanitse mitengo yawo. Chifukwa cha anthu otere boma linakhazikitsa IPAJ, Instituto do Patrocínio e Assistência Jurídica, m'chaka cha 1994. Bungweli lili ndi maofesi m'zigawo zonse ndi m'madistrito ambiri, ndipo anthu ake amalangiza ndi kuimirira osauka kukhoti popanda malipiro. Kawirikawiri amafuna kalata yochitira umboni za umphawi, atestado de pobreza, imene imayambira kwa atsogoleri a m'dera n'kukadindidwa ku ofesi za boma. Kalata yomweyo imathandizanso popempha kuti khoti lichotse ndalama zolipirira mlandu. Ndi bwino kuipeza munthu asanakwere chapa, kusiyana ndi kubwezedwa pakhomo la ofesi atawononga kale ya ulendo.

Amene ali ndi ndalama zolemba adivogadu wakewake ali ndi ufulu wofunsa kuti aone khadi lake la ntchito, lochokera ku bungwe la maadivogadu, Ordem dos Advogados de Moçambique, limene linakhazikitsidwanso m'chaka cha 1994. Kufunsa zimenezi si mwano. Pafupi ndi makhoti ndi maofesi sipasowa amuna a nsapato zowala ndi chikwama cha m'khwapa, amene amati amadziwana ndi woweruza ndipo mlandu autha sabata imodzi. Amatenga mbuzi, amatenga metikali, kenaka foni yawo imasiya kulira. Adivogadu weniweni salonjeza kuti mlandu apambana, pakuti wogamula si iye. Amanena mtengo wake poyamba, amasiyanitsa malipiro ake ndi ndalama za khoti, ndipo amapereka lisiti pa ndalama iliyonse. Amapatsanso munthu pepala lomupatsa mphamvu zomuimirira, procuração, kuti asaine, ndipo pepala limeneli nalonso liyenera kumasuliridwa lisanasainidwe.

Pa mlandu wokangana, adivogadu mmodzi sangaimirire mwamuna ndi mkazi yemwe. Mwamuna akanena kuti wapeza kale munthu woti awathandize onse awiri, mkazi adziwe kuti munthuyo ali ndi mbali.

Chinthu china chimene anthu amachiopa pachabe ndi kuulula. Lamulo limamanga adivogadu kuti asunge chinsinsi cha zimene wauzidwa. Mayi wa ku Dómuè uja, ngati naye anagulitsapo matumba atatu a nyemba mwamuna wake osadziwa, kapena ngati anathawira kwa amayi ake miyezi isanu ndi umodzi asanabwerere, anene yekha mu ofesi. Akabisa, mbali inayo idzazitulutsa m'khoti, ndipo womuimirira adzangoti kukamwa yasa pamaso pa woweruza. Komanso nthawi ya munthu wa IPAJ ndi yochepa, pakuti pabenchi pali ena khumi akudikira. Amene wabwera atasanja nkhani yake motsatira zaka, kuyambira chaka cha ukwati, zaka zimene ana anabadwa, chaka chimene ng'ombe zinagulidwa ndi mwezi umene mavuto anayamba, amapindula kwambiri kuposa amene wayamba ndi zimene apongozi anamunena pamaliro. Wosadziwa kulemba apemphe mwana wa sukulu kapena m'bale wodalirika amulembere m'kope.

Za m'kajumbo

Mapepala ofunika si ambiri: bilyeti ya mwini wake, chikalata cha ukwati ngati chilipo, ndi mapepala a kubadwa kwa ana onse. Mwana amene sanalembetsedwe alembetsedwe msanga, ndipo dzina la bambo lilowemo, chifukwa pempho la chithandizo cha mwana limayambira pa pepala limenelo. Mapepala enieni asungidwe kwa m'bale, osati pansi pa mphasa ya m'nyumba ya mkangano. Ambiri apsa kapena kusowa usiku umene mawu akuti khoti anatchulidwa koyamba.

Chotsatira ndi mndandanda wa chuma, ndipo apa mpamene milandu imapindulidwa kapena kutayika. Pokhapokha ngati awiriwo anasaina pangano lina asanakwatirane, zimene m'midzi sizichitikachitika, lamulo limagawa chuma m'magulu awiri. Chimene munthu anabwera nacho m'banja, chimene anasiyiridwa ndi makolo kapena kupatsidwa ngati mphatso yakeyake, chimakhalabe chake. Chimene chinapezeka ndi thukuta pa nthawi ya ukwati ndi cha onse awiri, theka ndi theka. Zilibe kanthu kuti lisiti ya malata inalembedwa dzina la yani, kapena kuti khadi la ku kampani ya fodya ndi la bambo. Mayi amene anafesa nazale, kupalira, kuthyola, kusoka ndi kuphikira aganyu ali ndi theka lake m'ndalama za fodyayo ndi m'zonse zimene zinagulidwa nazo. Abambo ambiri mfundo imeneyi amaimvera koyamba m'khoti, ndipo sawakomera.

Choncho mndandandawo unene chinthu chilichonse, chaka chimene chinabwera, ndalama zake zinachokera kuti, ndi amene anaona. Ng'ombe zitchulidwe ndi maonekedwe ake, yakuda ya chipumi choyera, yofiira yothyoka nyanga, komanso khola limene zikugona. Ngolo, njinga, makina osokera, sola, mbuzi, nkhumba, matumba a m'nkhokwe, ndalama za m'gulu losunga ndi kubwereketsa, zonse zilowe. Mauthenga a M-Pesa kapena e-Mola a m'foni asafufutidwe, chifukwa amasonyeza tsiku, ndalama ndi kumene zinapita. Ngongole nazo zilembedwe: feteleza wotengedwa pangongole kuti alimire munda wa banja ndi ngongole ya onse awiri, ndipo wofuna theka la ng'ombe asadabwe kumva za theka la ngongoleyo.

Nthawi zambiri chuma chimayamba kuyenda usiku mlandu usanayambe. Ng'ombe zimapezeka kuti zinabwerekedwa kwa achimwene ku Ntcheu, njinga yamoto inagulitsidwa kale. Adivogadu akauzidwa msanga akhoza kupempha khoti kuti chuma chilembedwe ndi kutetezedwa mlandu usanathe. Koma chenjezo lomweli likupita kwa wodandaula: naye asabise kapena kugulitsa kanthu, pakuti zikadziwika woweruza sadzakhulupiriranso mawu ake ena onse.

Nkhani ya munda ndi nyumba ndiyo yovuta koposa, chifukwa malamulo awiri amakumana pamenepo. Malamulo aakulu a dziko amati nthaka ndi ya boma, sigulitsidwa. Chimene munthu ali nacho ndi ufulu wogwiritsa ntchito malowo. Lamulo la malo la 1997 linavomereza ufulu wopezeka mwa mwambo, ngakhale popanda pepala, ndipo linalola kuti umboni wa pakamwa wa anthu a m'deralo, amuna ndi akazi, ulandiridwe. Kwa Achewa a chikamwini, munda ndi wa mbumba ya mkazi, ndipo ukwati ukatha mkamwini amanyamuka. Kumene mkazi anatengedwa chitengwa, kapena kumene kunaperekedwa malowolo monga amachitira mabanja ena a Angoni, wonyamuka ndi mkazi. Munda wa makolo sugawidwa ngati chuma cha awiriwo. Koma njerwa zootcha, malata, zitseko ndi mitengo ya zipatso zimene awiriwo anaikapo ndi thukuta lawo ndi nkhani ina, ndipo wochokayo akhoza kupempha kuti gawo lake liwerengedwe. Mkamwini amene wamanga nyumba ya malata kwa apongozi ali ndi chifukwa chofunira adivogadu chimodzimodzi ndi mkazi wa chitengwa. Za malowolo, malamulo a boma saika kubweza ng'ombe kapena ndalama ngati chinthu choyamba kuti ukwati uthe. Imeneyo ndi nkhani ya mabanja awiriwo ndi ankhoswe awo.

Ana si a malume okha, si a malowolo

Mwambo wina umati ana ndi a kwa mayi ndipo mwini wawo ndi malume. Wina umati ndi a kwa bambo chifukwa ng'ombe zinapita. Woweruza safunsa zimenezo. Amafunsa kuti mwanayo adzakhala bwino kuti: adzadya, adzapita kusukulu, adzaonana ndi kholo linalo. Udindo wa bambo ndi mayi sutha ndi ukwati. Amene sakukhala ndi ana ayenera kupereka chithandizo molingana ndi zimene amapeza ndi zimene anawo akusowa, ndipo kukwatira kwina sikumuchotsera udindowo.

Chithandizochi kawirikawiri chimaikidwa m'ndalama za mwezi ndi mwezi, zimene n'zosavuta kwa mphunzitsi kapena wapolisi wolandira malipiro. Mlimi ndalama zake zimabwera kamodzi pachaka. Ndi nzeru kukambirana ndi adivogadu za mgwirizano wogwirizana ndi nyengo: matumba angati pokolola, ndalama zingati fodya akagulitsidwa, makope ndi yunifolomu sukulu ikamatsegulira. Zilembedwe ndi manambala. Lonjezo lakuti adzathandiza akapeza silingatengeredwe kukhoti.

Pa nkhani za ana, kholo silifunika kudikira kuti mlandu wa ukwati uthe, ndipo silifunika kukhala ndi ukwati wolembetsa. Ku Procuradoria ya distrito kuli woimira boma amene ntchito yake ina ndi kuteteza ana, curador de menores, ndipo iye akhoza kuyambitsa mlandu wa chithandizo m'dzina la mwanayo. Khoti likhozanso kulamula chithandizo chongoyembekezera pamene mlandu waukulu ukuyenda.

Pamene pali kumenyana

Zonse zanenedwazi ndi za munthu amene ali ndi nthawi yokonzekera. Amene akumenyedwa alibe nthawi imeneyo, ndipo asadikire kuti mapepala akwane. Lamulo la 2009 lolimbana ndi nkhanza za m'banja zochitira amayi linaika nkhanzazi m'gulu la milandu ya boma: aliyense akhoza kukanena, ndipo ikangolowa sifafanizidwa chifukwa choti ankhoswe apepesa ndi nkhuku. Kupolisi kuli ofesi yolandira mabanja ndi ana ochitiridwa nkhanza, Gabinete de Atendimento à Família e Menores Vítimas de Violência. Wovulazidwa apite kuchipatala tsiku lomwelo ndipo asunge pepala la kumeneko. Mabala amapola, mboni zimaiwala kapena kuopa, koma pepala lokhala ndi tsiku limadzalankhula pa mlandu wa chisudzulo ngakhale patapita chaka. Mayi wa ku Dómuè uja, ngati chaka chatha anangodzithira mankhwala kunyumba n'kukhala chete, adzadalira mawu a mnansi amene anamva kulira, ndipo mnansiyo mwina ndi msuweni wa mwamuna wake.

Kudikira

Mlandu wa kukhoti suyenda ngati wa pabwalo la mfumu, umene umayamba m'mawa n'kutha dzuwa likupendeka. Pempho likalowa, mbali inayo iyenera kudziwitsidwa mwalamulo ndi kupatsidwa masiku oyankha. Woweruza amayamba wayesa kuyanjanitsa awiriwo, kapena kuwafikitsa pa mgwirizano. Kenaka mboni. Miyezi imapita, nthawi zina chaka n'kupitirira. Mwamuna amene anapita ku Johannesburg kapena ku migodi ya ku Moatize n'kusiya kutumiza mawu amachedwetsa zinthu, koma sangaimitse mlandu mpaka kalekale: ngati kumene ali sikukudziwika, lamulo lili ndi njira yomuitanira pa chidziwitso chokhomedwa poyera. Adiresi, nambala ya foni kapena dzina la kumene akugwira ntchito, ngati zilipo, zimafupikitsa ulendowo.

M'miyezi imeneyi wodandaula ali ndi ntchito zake. Asunge nambala ya mlandu wake. Adziwitse adivogadu akasintha foni kapena akasamukira kwa amayi ake. Asaphonye tsiku la khoti, ngakhale kuli kupalira kapena mitsinje yadzaza. Ngati n'zosatheka, atumize mawu tsikulo lisanafike. Akonzeretu ya chapa ya mboni zake, pakuti mboni yosafika ili ngati yosakhalapo. M'khoti chinenero ndi Chipwitikizi, ndipo amene sachimva bwino anene poyamba kuti pafunika womasulira, m'malo movomera ndi mutu zinthu zimene sanazimve. Mbali inayo ikabwera usiku ndi ankhoswe ndi pepala lakuti asaine kuti zithe mwamtendere, yankho ndi lakuti pepalalo liyambe laonedwa ndi womuimirira. Mwina ndi mgwirizano wabwino ndithu, ndipo milandu yambiri imathera pamenepo. Adivogadu wabwino sakana mtendere.

Chigamulo chikatuluka pamakhala masiku oti wosakhutira achite apilo. Akatha masikuwo, kutha kwa ukwati kumalembedwa m'mphepete mwa buku lomwe lija la ku Registo Civil, pa tsamba la ukwati ndi pa masamba a kubadwa kwa awiriwo. Ambiri amabwerera kumudzi atangomva mawu a woweruza, n'kudzazindikira patapita zaka, pofuna kulembetsa ukwati wina kapena kukonzetsa bilyeti, kuti bukulo likunenabe zakale. Mayi wa ku Dómuè uja adzafunika ulendo winanso umodzi wa ku Ulónguè, kukaona ndi maso ake kuti zalembedwa ndi kutenga chikalata chatsopano. Akadzabwerera, ankhoswe a mbali zonse adzakhalabe ndi gawo lawo: kukhala pansi, kupereka chisudzulo monga mwa mwambo, ndi kuperekeza ng'ombe imene yagwera kwa mayiyo kuchoka m'khola lina kupita m'khola lina masana, anthu akuona.